Kampani ya malole ikugulidwa: chilolezo tipemphe ku Pretoria kokha kapena ku Lilongwenso?

Wamalole_CityDeep

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali kampani ya malole yolembetsedwa kuno ku Johannesburg, imanyamula katundu kuchokera ku City Deep kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo ili ndi nthambi yolembetsedwa kumudzi ku Malawi. Gulu lina lalikulu la makampani likufuna kugula masheya 60 mwa 100 aliwonse. Ogulawo akuti chilolezo cha Competition Commission ya South Africa, bungwe loona za mpikisano pa malonda la ku Pretoria, chikwanira. N'zoona zimenezi? Ndamva kuti malamulo a COMESA (mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) ndi a ku Malawi asintha posachedwa. Chinanso: eni malole angapo oyenda njira ya Mwanza ali ndi gulu la WhatsApp, amauzana mtengo wa pa tani kuti asamagwetsane. Pali mlandu pamenepa?

MayiWaZamalamulo

Bambo, chilolezo cha ku Pretoria mphamvu yake imathera pa Beitbridge. South Africa si membala wa COMESA, pomwe Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi mamembala. Ndiye masamu muchite kawiri, mbali iliyonse payokha.

Kuno lamulo ndi Competition Act 89 ya 1998. Amaona ndalama zolowa pa chaka kapena mtengo wa katundu wa kampani, chimene chakula pa ziwirizo. Malire amene anaikidwa mu 2017 anali akuti ogula ndi ogulidwa pamodzi akafika R600 miliyoni, ogulidwa paokha n'kufika R100 miliyoni, muyenera kupempha chilolezo musanapatsane kampani. Nduna imasintha ziwerengerozi kudzera mu Government Gazette, choncho loya wanu atenge za mu Gazette yatsopano. Anthu amapunthwa pawiri. Choyamba, kumbali ya ogula amawerenga gulu lonse, kuyambira kampani kholo mpaka ana ake onse, osati kakampani kokha kamene kasaina pepala. Chachiwiri, ndalama zopezeka pa katundu wotuluka m'South Africa zimawerengedwanso, ndiye ulendo uliwonse wa ku Blantyre uli momwemo. Pempho la kugulana kwapakatikati, kofika malire aja koma osati kwakukulu kwambiri, bungwe limaliona masiku 20 ogwira ntchito, ndipo likhoza kuwonjezera ena 40. Musaiwale kupereka kalata ya pempholo ku bungwe la ogwira ntchito kapena kwa oimira antchito. Popanda umboni wa zimenezi pempho lanu amati n'losakwanira ndipo masiku sayamba kuwerengedwa.

Kuyambira 2019 amafunsanso ngati kugulako kukuwonjezera umwini wa antchito ndi wa anthu amene anasalidwa nthawi ya tsankho. Mu 2021 bungweli linakana kugulitsidwa kwa Burger King South Africa pa chifukwa chimenechi chokha, mpikisano usanasokonekere n'komwe, mpaka Competition Tribunal, bwalo la milandu ya mpikisano, inadzavomera ogula atalonjeza zina, kuphatikizapo masheya a antchito. Konzekani kuyankha za madalaivala: angati akhala, angati achotsedwa.

Tsopano ku COMESA, kumene likulu lake loona za mpikisano lili kwathu komwe ku Lilongwe. Malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mu Disembala 2025. Kale munkangoyenera kulengeza pasanathe masiku 30 chigwirizanirane, ndipo munkatha kupatsana kampani mukudikira yankho. Ngakhale pamenepo ochedwa ankalipitsidwa: mu 2021 Helios Towers inapatsidwa chindapusa chifukwa chochedwa kulengeza za nsanja za mafoni za ku Malawi ndi Madagascar. Lero simupatsana kanthu mpaka ayankhe. Malire akwera kuchoka pa madola 50 miliyoni kufika pa 60 miliyoni mbali zonse pamodzi, ndipo mbali ziwiri iliyonse ikhale ndi madola 10 miliyoni. Ndalama yolipira popempha ndi 0.1 peresenti, koma osapyola madola 300,000. Apa amawerenga zopezeka m'maiko a COMESA mokha. Ndalama za ku Durban kapena za ku Maputo sizilowamo, popeza Mozambique si membala.

Akawunti_Randburg

Mayi afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za kumudzi, chifukwa kampani ya malole yambiri siifika madola 10 miliyoni m'maiko a COMESA. Ikalephera kufika, musati mwapulumuka. Nkhaniyo imabwerera ku dziko lililonse palokha: ku mabungwe oona za mpikisano, CFTC ku Malawi, CCPC ku Zambia. Chimodzimodzinso ngati mbali iliyonse imapeza magawo awiri mwa atatu a ndalama zake za m'COMESA m'dziko limodzi lomwelo. Koma ikafika malire a COMESA, pempho ndi limodzi, simukalembanso ku CFTC.

Lamulo la kumudzi la 1998 linachotsedwa, la 2024 linayamba pa 1 Julaye 2024. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Tsopano kugulana kukafika malire amene boma linaika, kupempha chilolezo n'kokakamiza ndipo mumadikira yankho. CFTC ilinso ndi mphamvu yolipitsa yokha, mpaka 10 peresenti ya ndalama zolowa pa chaka za kampani. Pa lamulo lakale khoti linagamula mu 2023 kuti mphamvu imeneyo inalibe, ndipo ambiri anazolowera kusaiopa.

Chimene chimagwetsa anthu si kulephera kulemba mafomu, koma kufulumira. Pepala langosainidwa, ogula atumiza kale munthu wawo kukakhala mu ofesi ya ku Limbe, wayamba kusainira macheke, akusankha makasitomala oti apatsidwe ngongole, malole apentedwa mtundu watsopano. Pamaso pa lamulo kumeneko n'kutenga kampani chilolezo chisanatuluke, ngakhale masheya asanasinthe dzina. Mu kontrakiti mulembe momveka kuti malonda adzatha pokhapokha mabungwe onse atavomera, muwatchule mayina, ndipo muike tsiku lomaliza lotalikirapo. Miyezi itatu ndi yochepa. COMESA yokha ili ndi masiku 120 oti iunike. Mitengo ya kasitomala aliyense isapite kwa mabwana a zamalonda a ogula. Ione anthu ochepa okha, maloya ndi owerengera ndalama, atasaina kuti sakaulula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene.

Wamalole_CityDeep

Zikomo mayi, zikomo achimwene. Nanga za WhatsApp zija? Eni akewo ndi anthu a malole atatu, anayi basi, si makampani akuluakulu.

MayiWaZamalamulo

Bambo, nkhani imeneyi ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa yoyamba ija. Malire a mamiliyoni aja ndi a kugulana makampani kokha. Pa kupangana mitengo palibe malire. Wa lole imodzi ndi wa malole 200 lamulo limawaona mofanana. Gawo 4(1)(b) la Competition Act ya kuno limaletsa zinthu zitatu pakati pa opikisana: kupangana mtengo, kugawana makasitomala kapena madera, ndi kupangana pa matenda. Pa zitatuzi Tribunal siimva zoti dizilo wakwera kapena tinkangofuna kuti tonse tidye. Akapeza kuti munapangana, mlandu watha. Makampani osamutsa katundu wa m'nyumba kuno, ena ang'onoang'ono, analipitsidwa chifukwa cholemberana makoteshoni okwera dala kuti mnzawo apambane.

Uthenga woti "abale, wa ku Lilongwe tisatsike pa mtengo wakuti pa tani", wina n'kuyankha ndi chala chokweza, ndi umboni wokwanira. Wongowerenga n'kukhala chete nayenso amawerengedwa ngati wavomera, akapanda kukana poyera. Chindapusa chimafika 10 peresenti ya ndalama zolowa pa chaka, wobwereza 25 peresenti. Kuyambira 2016 dairekitala kapena manijala amene wachititsa zimenezi, kapena wazilekerera akudziwa, akhoza kuzengedwa mlandu payekha: R500,000, zaka 10 kundende, kapena zonse. Ndipo poti katunduyo akudutsa Zimbabwe kukatsitsidwa ku Malawi, COMESA ndi CFTC nazo zili ndi ufulu wofunsa. Kulembetsa kampani ku Blantyre sikubisa munthu, chifukwa lamulo la kuno limagwira chilichonse chimene zotsatira zake zikumveka m'South Africa.

Gululo lisathe, lili ndi ntchito. Auzane za mzere wa pa Beitbridge ndi Nyamapanda, za msewu wa Tete, za mapepala amene akufunidwa pa Mwanza, ngakhale kulemba dandaulo limodzi ku boma. Kupatsana katundu lole yako ikadzaza n'kololedwa, bola mtengo mukambirane wa ulendo womwewo basi. Mtengo wa mawa, kuchotsera, ndi zoti kasitomala uyu ndi wa uje, zimenezo aliyense m'thumba mwake.

Amene ali kale m'katimo alembe m'gulumo kuti sakugwirizana nazo ndipo mtengo aziika yekha, ajambule uthengawo, atuluke. Asafufute mauthenga akale. Bungwe likabwera ndi chikalata cha khoti limatenga mafoni ndi makompyuta, ndipo kuwononga umboni kumangokulitsa mlandu. Kenako aonane ndi loya za Corporate Leniency Policy. Woyamba kukaulula zonse ndi amene amakhululukidwa chindapusa, wachiwiri amangokambirana zomuchepetsera.

Akawunti_Randburg

Ndipo ziwirizi zimakumana, achimwene. Popempha chilolezo mumapereka maminitsi a bodi ndi malipoti onena za msika, ndipo ogula amafufuza mabuku onse asanalipire. Ngati mwini kampani ikugulitsidwayo ali m'gulu la WhatsApp lija, auze loya wake sabata ino, mafomu asanapite ku Pretoria.