Chikho cha Chamangwana, kapena tikonze kaye bwalo?

Mlembi: Abale ndi alongo, Lamulungu lija ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, tinabalalika tisanamange mfundo. Ena akufuna kuti ndalama za chitukuko za chaka chino tiyambitsire chikho cha mpira kumudzi pokumbukira malemu Jack Chamangwana, ena akuti ayi. Yankhulani, amfumu akudikira yankho.

Amalume a ku Turffontein: Ine ndili mbali ya chikho. Ana athu akudziwa Gabadinho chifukwa anamuona ku Pirates, koma amene analambula njira sakumudziwa. Jack anachoka ku Wanderers kudzasewera ku Kaizer Chiefs m'zaka za m'ma 1980, ndipo anthu a kuno anamutcha Black Stone chifukwa kumbuyo kwake sikunkadutsika. Kwathu ku Malawi tinkangomutcha Africa. Anali m'timu ija ya Flames imene inatenga chikho cha CECAFA mu 1978 ndi 1979, n'kupita ku Africa Cup ya 1984 ku Ivory Coast. Ife tinkamumvera pa MBC, mudzi wonse utazungulira wayilesi imodzi. Chimwalirireni mu 2018, ife okhala mumzinda umene anatchukiramo sitinachitepo kanthu. Zimandiwawa.

Mayi msungichuma: Amalume, palibe akukana kuti anali katswiri. Koma bwalo la pasukulu lija mwaliona posachedwapa? Madzi anakumba ngalande pakati penipeni, mapolo ndi a bulugamu, chiswe chinadya kale. Mukayika chikho pamenepo mwana athyoka mwendo, ndipo chipatala chili kutali.

Achimwene a ku Mayfair: Mayi akunena zoona. Komanso chikho chimafuna ndalama chaka ndi chaka. Ambirife tikudalira maganyu, ena mapepala anatha. Tikayamba n'kulekera panjira, dzina la malemu tilichititsa manyazi.

Achemwali a ku Yeoville: Pepani ndilowepo. Amalume anena mawu ofunika osazindikira: iwo Jack sanamuone ndi maso, anamudziwa kudzera pakamwa pa woulutsa mpira. Kumudzi kuli anyamata ndi atsikana amene amaulutsa masewera pakamwa chabe m'mbali mwa bwalo, anthu n'kumasangalala. Bwanji tisalaze bwalo, tiike mapolo achitsulo, zotsalazo tigule zokuzira mawu za sola? Pamasewera aliwonse mwana mmodzi aziulutsa, ndipo asanayambe azifotokoza mbiri ya akatswiri akale. Zokuzira mawu zomwezo zizithandizanso pamaliro ndi pamisonkhano ya amfumu.

Amalume a ku Turffontein: Mwana wanga, wandikhudza. Koma dzina likhalepo ndithu, ngakhale pachikwangwani.

Mayi msungichuma: Dzina la munthu silitengedwa ngati nkhuni zakutchire, lili ndi eni ake. Tipemphe kaye kubanja. Ndipo zokuzira mawuzo azisunga ndani? Tinatumizapo mipira ndi mayunifomu, lero akuvala ndi anthu opita kudimba.

Achimwene a ku Mayfair: Azisunga aphunzitsi aakulu, wobwereka azilemba m'kaundula pamaso pa komiti ya sukulu.

Wapampando: Zikomo nonse. Alembi, lemberani kalata akubanja la malemu sabata ino, ndisayina. Mayi msungichuma, funsani mitengo ya mapolo kwa owotcherera kwathu komweko, kusiyana n'kulipira katundu pabasi kuchokera ku Park Station. Za chikho tidzavota yankho la kubanja likabwera.

Amalume a ku Turffontein: Kalatayo ndikapereka ndekha, ndikupita ku Blantyre kumapeto kwa mwezi.