Magetsi a motorhome sakufika patali usiku, ndiike mababu a LED?

Atate_a_Chiku, Leeds

Moni nonse muno. Ndili ndi motorhome, van yokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati, ya pa Fiat Ducato ya 2011, ndinagula chaka chatha kwa agogo ena amene anaisamala bwino ndithu, injini ilibe vuto. Koma magetsi akutsogolo akundidetsa nkhawa. Sabata yatha tinapita ku Scotland ndi mayi a kunyumba ndi ana, pobwerera tinanyamuka mochedwa ku Fort William ndiye mdima unatipeza pa msewu wa A82 cha ku Glencoe uko, mvula ikuwaza, ndipo pa dimu ndimangoona pafupi pompa, ndikaika fulu bola koma kukabwera galimoto kutsogolo uyenera kubwezanso pa dimu. Deer, nyama ya m'tchire yonga gwape, inaima m'mphepete mwa msewu ndinaiona nditaifika kale, mtima unagunda kwambiri poti ana anali kumbuyo akugona. Pa intaneti ndaona mababu a LED otchipa a saizi ya H7, yomwe imalowa mu nyali zanga, akuti amawala koopsa. Alipo anayesapo? Ndigule?

Che_Makaniko, Bradford

Akulu, ndalama yanuyo isungeni kaye. Kuyambira 2021 malamulo a MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu kuno ku UK, amati nyali yopangidwira babu wamba ya halogen ukaikamo LED kapena HID (mababu a xenon) galimoto yalephera mayesowo, okhululukidwa ndi magalimoto akale okha amene analowa pamsewu isanafike 1 April 1986. Ndiye yanu ya 2011 akubwezani. Mumva ena akuti ku Germany analoleza mababu ena a LED a Osram pa magalimoto ena, ndi zoona, koma chilolezo chimenecho ndi cha kumeneko, kuno sichigwira.

Ndipo si lamulo lokha ayi. Mbale yonyezimira ili kumbuyo kwa babu ija anaipanga poyeza kawaya kamodzi kakang'ono ka m'kati mwa halogen, kamene kamakhala pamalo ake enieni. LED kuwala kwake kumachokera malo ena ndiye mbale ija imangomwaza paliponse, pafupi ndi bampala pamayera mbee iwe nkumati zatheka, koma patali pomwe ukufuna kuona palibe chasintha, maso akonso azolowera kuwala kwa pafupiko ndiye patali pamada kuposa kale.

Yambani ndi zaulere. Pa dashibodi pali mabatani okweza ndi kutsitsa magetsi, nambala imaoneka pa sikilini kuyambira 0 mpaka 3. Onani ili pati. Ndalandirapo ma van angapo mwini wake akudandaula ngati inuyo, kupeza ili pa 3, magetsi akuloza pansi. Kenako onani magalasi a nyali, ndi pulasitiki aja, dzuwa limawasandutsa achikasu makamaka motorhome poti imakhala panja chaka chonse. Kwechani ndi sandipepala wonyowa, kuyambira 1000 kenako 2000 kenako 3000, mupolishe, koma osaiwala kupaka mankhwala oteteza ku dzuwa apo ayi miyezi yochepa chikasu chabwerera.

NaBanda_Glasgow

Achimwene chonde mverani a Makanikowa. Ine ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba ndipo ndimayenda ndi kagalimoto kakang'ono, van ikabwera kutsogolo ndi ma LED oikamo okha aja amalowa m'maso mwenimweni chifukwa nyali zanu zili m'mwamba kuposa zathu, ndimachita kuchepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima osaona ngakhale mzere woyera. Ndiye poteteza ana anu musaike ana a ena pangozi.

Za batani zija muzikumbukanso kuti mukadzaza thanki ya madzi ndi kumangirira njinga kumbuyo, kumbuyo kumatsika mphuno nkudzuka, pamenepo ndi pomwe mumatsitsako magetsi, mukatsitsa katundu mubwezere. Komanso A82 mu October ndi November deer zimayendayenda kwambiri madzulo ndi m'bandakucha, ndi nyengo yake yokwerana, ndipo mawotchi akabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi kumapeto kwa October kuno kumada msanga, pofika December 4 koloko ndi usiku kale. Ife tikapita kumtunda uko timafika pogona kusanade basi.

Mjomba_wa_Mawaya, Luton

Ndionjezere mbali ya magetsi poti ndi ntchito yanga. Babu ya H7 ndi ya 55W ndipo kuwala kwake amakuyeza pa 13.2V. Halogen imamva kwambiri mphamvu ikatsika, kungotsika ndi volti imodzi kuwala kwachoka pafupifupi kota, ndipo diso silizindikira poti zimachitika pang'onopang'ono zaka zikamapita. Tengani mita yoyezera mavolti, injini ikulira magetsi ali oyaka, yezani pa batire kenako yezani pa pulagi ya babu. Zikasiyana kwambiri ndiye kuti pena pake pali dzimbiri, kawirikawiri ndi waya wa earth pomwe wamangidwa ku bodi kapena pulagi yeniyeniyo yapsa. Tsukani, mangitsani. Ena amaika relay, kaswichi kamagetsi, kuti moto uzichoka ku batire molunjika, zimathandiza, koma pa ma Ducato amenewa magetsi amadutsa mu kompyuta ya galimoto ndiye ikhoza kumakuyatsirani chenjezo loti babu yafa, musapange nokha ngati simunazolowere.

Mababu akakhala akale sinthani onse awiri limodzi. Osram Night Breaker 200 kapena Philips RacingVision GT200 ndi halogen yovomerezeka, 55W yomweyo, amafika patali ndithu kungoti sakhalitsa ngati wamba ndiye muzisunga ina mu galimoto. Babu ya 100W ayi, ndi yoletsedwa pamsewu ndipo imasungunula pulagi. Galasi la babu osaligwira ndi zala, mafuta a m'manja amaipsereza msanga. Ndipo muonetsetse kuti yakhala bwino m'malo mwake, malo ndi opanikiza kumbuyo kwa nyali kuja, babu ikapendekeka pang'ono kuwala konse kwasokonekera.

Atate_a_Chiku, Leeds

Zikomo kwambiri nonse. Ndangotuluka panja kukaona, a Makaniko munalondola, inali pa 3! Mwina agogo aja ankanyamula katundu wolemera kumbuyo. Magalasinso ndi achikasu ndithu makamaka la kumanja. Loweruka ndikwecha ndi kuika mababu atsopano a halogen, za mita mjomba ndikufunani pa foni. LED ndaisiya, achemwali a ku Glasgow ndamva. Funso lina, chaka chamawa tikufuna kuwoloka ku Dover kupita ku France, magetsi omwewa ali bwino?

Che_Makaniko, Bradford

Mukamaliza zonsezo pitani nayo pa galaji ya MOT akaiyeze pa makina awo kuti ikuloza bwino, ndi ntchito ya mphindi zochepa, mupite nayo ili ndi katundu amene mumayenda naye. Za France, dimu ya kuno imakwera kumanzere kuti izionetsa m'mphepete mwa msewu, kumeneko amayenda kumanja ndiye idzalowa m'maso mwa anzanu. Gulani timasitika tomata pa nyali totchinga kuwala kokwera kumanzereko, mumate pokwera sitima ku Dover, pobwera muchotse mukangotsika.