Thandizeni abale, zithunzi za nyumba yangazi ndi zenizeni kapena ndi za AI?

Membala wosatchula dzina
A Admin chonde dzina langa lisaoneke, mlamu wanga ali m'gulu lomwe lino. Ine ndili ku Joni kuno, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinagula puloti ku Mpemba ndipo oyang'anira zomanga ndi achimwene anga, bere limodzi. Ya simenti, ya mchenga, ya mmisiri ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ya malata ndinatumiza payokha. Mlamu wangayo ndiye n'kale lomwe sitimwerana madzi. Pa maliro a agogo anauza anthu kuti ndimadzimva chifukwa cha Joni, komanso mapoto amene ndinatumizira amayi pa basi anakapezeka kukhitchini kwake. Izo ndinazisiya m'manja mwa Mulungu. Kuno nako abwana andichotsera tsiku limodzi pa sabata, lendi yakwera, ndiye ndalama iliyonse ikundipweteka. Tsopano achimwene akuti nyumba yafoleredwa, zithunzi ndili nazo zitatu. Koma ndikaziyang'anitsitsa mtima sukukhazikika. Mabagala a zenera limodzi akupindika mosadziwika bwino, njerwa zina zikulowana, ndipo mwana amene waima pakhomo nkhope yake ndi yosalala ngati chidole, sindikumuzindikira n'komwe. Mnzanga akuti ndi AI. Tulo sindikuona. Ndidziwa bwanji?

Wojambula Wakale
Mayi, musavutike n'kufunsa. NDI AI IMENEYO. Zitatu mwatchulazo ndiye zizindikiro zake: mizere yowongoka kupindika, zinthu zobwerezabwereza kulowana, ndi khungu lopanda timabowo. Makinawa sajambula chinthu chimene chilipo ayi. Amangolota maonekedwe kuchokera ku zithunzi zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo, n'chifukwa chake amasochera pa zinthu zofuna kuwerenga monga zala, mabagala ndi zilembo. Mu Malichi 2023 dziko lonse linapusa ndi chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinapangidwa ndi pulogalamu ya AI yotchedwa Midjourney. Ena anazindikira poyang'ana dzanja lake logwira kapu. Ndalama zanu zadyedwa, pepani.

Tadala wa ma foni
A Wojambula, mwagamula mlandu chithunzicho musanachione n'komwe. Mayi, yankhani ichi kaye: zithunzizo zinakufikani bwanji? Anatumiza ndi achimwenewo kuchokera mu foni yawo, kapena ndi screenshot, kapena zinadutsa mwa munthu wina? Chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi. Chochokera mu kamera chimakhala cha 2 MB mpaka 5 MB, koma chikadutsa pa WhatsApp nthawi zambiri sichikwana ndi theka la MB, ndipo tinthu ting'onoting'ono ngati mabagala ndi timene timayamba kuwonongeka.

Auzeni atumizenso ngati Document, osati ngati chithunzi. Pa chat adine kachizindikiro kophatikizira zinthu kaja, asankhe Document, alowe mu foda ya DCIM kenako Camera, asankhe momwemo. Chikafika yang'anani dzina lake. Ngati muli zilembo za WA, monga IMG-20250914-WA0007, ndiye kuti nawonso anachita kulandira pa WhatsApp, sichinatuluke mu kamera yawo. Kenako chitseguleni mu Google Photos n'kukankhira m'mwamba, muona tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati location inali yoyatsa mu kamera muonanso malo pa mapu. Zimenezi zimatchedwa EXIF, ndipo WhatsApp imazifufuta mukatumiza mwa nthawi zonse.

Mai a Upile
Inu zoti mlongo wanu muzimufufuza ngati mbava pa gulu la anthu masauzande mukuziona bwino? Munthu akupsa ndi dzuwa kuthamangitsana ndi amisiri, inu muli pa foni kuwerenga mabagala. Ngati simumawakhulupirira munawapatsiranji ntchitoyo?

Kondwa Nthabwala
Mwana wosalala nkhopeyo mwina ndi landlord watsopano, wabwera kudzaona nyumba yake 😂

Wojambula Wakale
Tadala mwana wanga, EXIF yakoyo ndi masewera. Pulogalamu yaulere ya ExifTool imasintha tsiku, foni ndi malo pa mphindi imodzi. Anthu inu vuto lanu mumaganiza kuti chithunzi chinayamba chanenapo zoona. SICHINAYAMBEPO. Ku Soviet Union, mkulu wa apolisi achinsinsi Nikolai Yezhov anajambulidwa ali pambali pa mtsogoleri wa dzikolo Stalin m'mphepete mwa ngalande ya ku Moscow. Ataphedwa mu 1940 anamufufuta, pamalo pake n'kutsala madzi okhaokha, kompyuta kulibe nthawi imeneyo. Mu Epulo 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana pa Sony World Photography Awards ndi chithunzi cha AI, n'kukana yekha mphotoyo. Ngati oweruza a mpikisano wa dziko lonse anachipatsa mphoto, mayi awa pa foni yawo aona chiyani?

Tadala wa ma foni
Akulu, munthu woti adziwe ExifTool ndi wina, achimwene a ku Mpemba ndi wina. Sindinanene kuti EXIF ndi umboni wotheratu. Ndi sefa yoyamba basi. Wonama wamba amakodwa pomwepo, amangoyamba zifukwa zoti chithunzicho ndinafufuta, foni inafomatidwa.

Membala wosatchula dzina
Mai a Upile, simukuwadziwa mlamu wangawo. Chaka chatha anagula sofa yatsopano mwezi womwe ndinatumiza ya mafelemu. Achimwene okha ndi munthu wabwino, koma m'nyumbamo olamula ndi wina. Komanso zithunzi za maziko anatumiza zambiri, pano zangobwera zitatu.

Tadala wa ma foni
Mayi, za sofa tamva. Zithunzizo zinakufikani bwanji?

Phiri mmisiri
Nonsenu mwatanganidwa ndi AI, pomwe bodza lofala pa nkhani zomangazi silifuna AI n'komwe. Munthu amangopita pa nyumba ya neba imene yafika pa malata, kujambula ndi foni yake, tsiku lolondola, EXIF yabwinobwino, n'kutumiza. Chithunzi chenicheni, nyumba ya eni ake. Ndiye funso lisakhale loti chithunzi ndi chenicheni, likhale loti nyumbayo ili pa puloti yanu.

Achemwali, tengani zithunzi za maziko zija muziike pambali pa zatsopanozi. Phiri, mtengo, polo ya magetsi, denga la neba, zikuoneka mbali yomweyo? Zitseko ndi mazenera ali pamalo amene pulani ikunena? Kenako werengani. Ngati ndi mabuloko a simenti a 200 mm, kuchoka pansi kufika pamwamba pa felemu ya chitseko pamakhala mizere 10 kapena 11, chifukwa chitseko chimatalika pafupifupi mamita 2.1. Malata a IBR limodzi limaphimba 686 mm m'lifupi, ndiye nyumba yotalika mamita 10 imadya malata 15 mbali imodzi, 30 mbali zonse ziwiri, osawerengera zotulukira m'mbali. Werengani a pa chithunzi mufananize ndi amene munalipira. Onaninso nyengo. Ngati akuti ajambula mu Okutobala koma kuseri kuli chimanga chobiriwira cha m'munda wa kumtunda ndi matope pabwalo, chithunzicho ndi cha dzinja.

Nambewe
Ikani pa ma website oyeza AI aja, amakuuzani maperesenti pompo. Musavutike ndi masamu a aPhiri.

Tadala wa ma foni
Anambewe, amenewo ndi osadalirika, makamaka pa chithunzi chofinyidwa kale. Chimodzi chomwecho website ina inena kuti ndi AI, ina inena kuti ndi chenicheni, munthu n'kukadana ndi m'bale wake chifukwa cha nambala yopanda mutu. Chimene chimagwirako ntchito ndi chidindo choikidwa ndi opanga okha. Google imabisa chizindikiro chotchedwa SynthID m'zithunzi za AI yake, koma si AI iliyonse imene imachiika. Za ChatGPT zimatuluka ndi mbiri yotchedwa C2PA mkati mwa fayilo, koma screenshot imodzi yokha imaichotsa. Ndiye chidindo chikapezeka, mwagwira. Chikapanda kupezeka, simunadziwe kanthu.

Chosavuta kuposa zonse ndi Google Lens. Ikani chithunzicho muone ngati chili kale pa intaneti, chifukwa ena amangotola pa masamba a ogulitsa nyumba pa Facebook. Dulani mbali ya denga yokha kapena khonde lokha musakenso, nthawi zina chathunthu sichipezeka koma chidutswa chimapezeka.

Wojambula Wakale
Pa ma website apo ndikugwirizana naye mwanayu, koma chifukwa chake sakuchidziwa. Malire enieniwo ANATHA. Mu 2024 Miles Astray analowetsa chithunzi chenicheni cha mbalame ya flamingo m'gawo la AI pa mpikisano wa 1839 Awards, n'kupambana, kenako anamuchotsa zitadziwika kuti n'chenicheni. Chenicheni kuoneka chabodza, chabodza kuoneka chenicheni. Ndipo foni ili m'manja mwanuyo nayo imapeka. Mu 2023 munthu wina anaika pa kompyuta chithunzi cha mwezi chimene anachiwononga dala kuti chisaoneke bwino, n'kuchijambula ndi foni ya Samsung, foniyo inatulutsa mwezi wokhala ndi mawanga amene pa sikirinipo panalibe. Mukadina batani foni imajambula zithunzi zingapo n'kuziphatikiza, kusalaza khungu, kuwalitsa mumthunzi. Chimene mumachitcha chithunzi ndi maganizo a foni.

Phiri mmisiri
Ndiye mwadzitsutsa nokha akulu. Pamwambapa munati khungu losalala ndi umboni wa AI ndipo ndalama zadyedwa, pano mukuti foni iliyonse imasalaza.

Wojambula Wakale
Sindinadzitsutse, aPhiri. Inu pitirizani kuwerenga malata.

Phiri mmisiri
Ndiwerengadi. Achemwali, njira yothetsa zonsezi ndi video call masana, osati video yojambula kale. Ayambe ndi kukutumizirani live location ya pa WhatsApp, ya mphindi 15 ikwanira, muone ngati kadonthoko kali pa puloti panu. Akaimba, ayambire pa chinthu chimene inu mukuchidziwa, kaya ndi mjigo kaya ndi bikoni ya puloti, ayende osadula mpaka pakhomo, azungulire nyumba yonse, alowe mkati aloze kamera kudenga muone mapulanga ndi malata kuchokera pansi. Pomaliza tchulani liwu lililonse la m'mutu mwanu, alilembe ndi khala pa khoma pafupi ndi chitseko inu mukuona. Pa khoma la eni ake munthu salemba ndi khala.

Wojambula Wakale
Video call? Kumayambiriro kwa 2024 ku Hong Kong wogwira ntchito ku kampani ya Arup anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa video ndi mabwana ake, chonsecho nkhope ndi mawu onsewo anali opeka. VIDEO CALL SI UMBONI.

Tadala wa ma foni
Amenewo anapeka nkhope za anthu okhala pansi moyang'ana kamera, akulu. Kupeka puloti yonse munthu akuyenda, kamera ikugwedezeka, wina akulamula kuti khotera kumanzere, ndi nkhani ina. Ndipo mbava za madola 25 miliyoni sizikulimbana ndi malata 30 a ku Mpemba.

Mai a Upile
Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ofuna kumanga azibwera adzamange okha, osati kuzunza abale ndi kulemba m'makoma.

Membala wosatchula dzina
Tadala pepani, ndinali pa ntchito. Achimwene foni yawo kamera inasweka, ndiye anajambula ndi mlamu n'kuika pa status. Ine ndinangopanga screenshot. Zinali zosaoneka bwino ndiye mwana wa abwana anga anandikonzera pa app ina yowalitsa zithunzi kuti zioneke HD. Ndi zimene ndili nazozi. Kodi zimenezo zili ndi kanthu?

Tadala wa ma foni
Mayi inu! Ndiye nkhani yonse ili pamenepo. Status imafinya, screenshot imachepetsanso, ndiye app yowalitsayo ndi AI. Sibwezeretsa zimene zinatayika, imapeka zoti idzazirepo. Ikapeza mabagala osaoneka bwino imajambula ake, ikapeza nkhope ya madontho ochepa imaika nkhope imene ikuganiza kuti ikuyenera, n'chifukwa chake mwanayo simukumuzindikira. Zowalitsidwazo musaweruzire munthu. Bwererani ku ma screenshot oyambawo ngati alipo, ndipo Document ija ichokere mu foni ya mlamu wanuyo, poti ndi imene inajambula.

Wojambula Wakale
Ndinanena ine kuti NDI AI. Muziwerenga bwino.

Kondwa Nthabwala
AI yake yochokera ku Joni komweko, achimwene osalakwa atukwanidwa ndi gulu lonse 😂

Phiri mmisiri
Osalakwa kapena olakwa sitinadziwebe. Tangodziwa kumene kwachokera mabagala opindika. Pa status munthu amaika nyumba iliyonse. Video call ija ichitikebe, ndipo malisiti a malata awajambule pamodzi ndi dzina la shopu ndi tsiku.

Membala wosatchula dzina
Ndawaimbira, akuti alibe bandulo yoti n'kuimba video, komanso mlamu sangabwereketse foni yake chifukwa cha ine. Nditumize ina ya bandulo kapena ndiye kuwonjezera kudyedwa?

Tadala wa ma foni
Osatumiza ndalama. Pemphani munthu wa kumudzi amene mumamukhulupirira, koma asakhale wa m'nyumba imeneyo, mumugulire bandulo ya tsiku limodzi pa nambala yake, apite ndi foni yake pamodzi ndi achimwenewo. Cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi bwino, dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa masana enieni malata atsopano amanyezimira kwambiri moti mizere yake simungaiwerenge.