Tchuthi ku Senga Bay ndi ana atatu: tipite mwezi uti, nanga ku Maleri ndi ku Nkhotakota kungatheke?

Nachisale25 wafunsa:

Moni nonse. Ine, bambo akunyumba ndi ana athu atatu tikufuna kukapuma kunyanja masiku anayi kuchokera kuno ku Lilongwe. Wamkulu ali ndi zaka 12, chitsirizira ali ndi zaka 5. Maso athu ali pa Senga Bay. Kagalimoto kathu ndi kakang'ono, kotsika pansi. Ndithandizeni: tipite mu Ogasiti ana ali patchuthi, kapena tidikire Okutobala? Ndamva kuti kuli zilumba za paki zomwe munthu amakaona nsomba zamawangamawanga, kodi ndi ana tingakafikeko? Anawa akulilira njovu, ndiye tingapite kunkhalango ya Nkhotakota n'kubwerera tsiku lomwelo? Komanso za likodzo zikundidetsa nkhawa.

Wapadoko wayankha:

Mayi, yambani ndi mphepo, chifukwa ndi imene imalamula zonse kuno. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo gombe la Senga Bay lili poyera, mafunde amafika osatchingidwa ndi kanthu. Mu Juni ndi Julayi ndiye umakula kwambiri. Mu Ogasiti umayamba kufooka, komabe ukadzuka umatha masiku awiri kapena atatu osaleka, asodzi eniake n'kukokera mabwato kumtunda. Ngati cholinga chanu chachikulu ndi boti ndi kusambira, kumapeto kwa Sepitembala ndi mu Okutobala ndiye nthawi yake: nyanja imagona, madzi amayera mpaka kuona miyala pansi. Mtengo wake ndi kutentha. Ikamakwana 10 koloko mchenga umawotcha mapazi, choncho ana akhale ndi masilipasi ndi zipewa, ndipo chipinda chogona chikhale ndi fani. Mukasankha Okutobala, pewani masiku oyandikira pa 15, tsiku la anakubala, chifukwa gombe limadzaza, zipinda zimatha ndipo mitengo imakwera.

Msewu si vuto. Kuchokera ku Lilongwe pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100 kufika pa Salima, kenako ena 20 kufika ku Senga Bay, phula lokhalokha. Mukadutsa Mvera pali zitsikotsiko ndi makona, oyendetsa atsike ndi giya yaing'ono, asamangoponda mabuleki chifukwa amatentha n'kusiya kugwira. Thirani mafuta okwanira musananyamuke. Pomwe kagalimoto kanu kangavutike ndi tinjira tamchenga tolowera kumalo ogona. Mukaona mchenga wakuya musaime pakati, ndipo mukatitimira musaponde moto kwambiri, matayala amangodzikumbira dzenje. Phwetsani matayala pang'ono, ikani nthambi kapena mamati a m'galimoto pansi pake, anthu akankhe.

Zilumba mukunenazo ndi zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zili kummwera kwa Senga Bay ndipo ndi gawo la Lake Malawi National Park, ngakhale mbali yaikulu ya pakiyo ili ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za m'miyala zotchedwa mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: pali ndalama yolowera, Amalawi amalipira yotsika ndiye tengani chiphaso chaunzika, ndipo mamita 100 kuchokera pagombe la chilumba saloleza kuwedza kapena kugwira nsomba. Mwana asabwere ndi kambuna m'botolo.

Koma ndi mwana wa zaka 5, ine ndikanati yambani ndi Namalenje, kachilumba kamiyala komwe kamaoneka muli pagombe la Senga Bay. Ulendo wake ndi waufupi, mbuna ziliko, ang'azi ndi mbalame za m'madzi ziliko, ndipo nyanja ikasintha mumabwerera msanga. Ku Maleri ndi kutali ndipo mumadutsa pamadzi apoyera.

Pa boti musachite manyazi kufunsa. Likhale boti la injini, osati bwato. Ma life jacket awabweretse pamchenga muwawerenge, asanu, ndipo wa mwana ukhale waung'ono womukwana. Wa munthu wamkulu mwana akagwa nawo m'madzi umakwera m'mwamba, iye n'kupululukamo. Onani kuti muli nkhafi ziwiri, chigubu cha mafuta apadera ndi chokapira madzi. Mtengo mugwirizane musanakwere: kodi ukuphatikiza mafuta, nthawi yodikira, magalasi oonera pansi pa madzi ndi ndalama yolowera m'paki? Perekani theka, theka lina mukatsika. Nyamukani 7 koloko, pofika masana mukhale mutabwerera, chifukwa mphepo imakonda kudzuka dzuwa likapendeka. Mwini boti akakuuzani kuti lero nyanja siili bwino, mumvereni. Musakafune wina wolimba mtima.

MayiWaZaumoyo wayankha:

Achemwali, nkhawa yanu ya likodzo ndi yoona, koma siyoti n'kulepheretsa ulendo. Tizilombo take timachokera mu nkhono zazing'ono za m'madzi, n'kulowa pakhungu munthu akamasamba. Nkhonozi zimachuluka pamadzi odekha, pamabango ndi pandere, makamaka pafupi ndi pomwe anthu amachapa ndi kusamba tsiku ndi tsiku. Sankhani gombe lamchenga woyera pomwe mafunde amamenya. Izi zimachepetsa chiopsezo koma sizichithetsa, ndiye aliyense amene walowa m'nyanja mumuwerenge kuti akhoza kutenga.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi nthawi yomwera mankhwala. Mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima, zanthete sazigwira bwino. Kumwa tsiku lomwe mwafika kunyumba ndi kutaya mankhwala. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kusambira, lembani tsikulo pakalendala, kenako pitani kuchipatala. Mlingo wake umatengera sikelo: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse. Munthu wa makilogalamu 60 amamwa mapilisi anayi a mamiligalamu 600. Ana akayezedwe kaye sikelo, musawagawire mongoganizira. Amwe atadya nsima, popanda chakudya amachititsa nseru ndi chizungulire. Mukaona magazi kumapeto kwa mkodzo wa mwana musadikire masabata aja.

Chomwe chimandiopsa kuposa likodzo ndi malungo. Salima ndi kotentha, udzudzu suchoka chaka chonse. Malo ambiri ogona ali ndi maneti, koma mukafika atambasuleni dzuwa lisanalowe muone zibowo. Nyamulani neti imodzi kapena awiri anuanu ndi chingwe chomangira. Madzulo ana avale zamanja aatali. Malungo saonekera nthawi yomweyo, amatenga sabata imodzi kapena kuposera, choncho mwana akatentha thupi mutabwerera ku Lilongwe, mukayezetse tsiku lomwelo.

Pomaliza, kusambira. Gombe likhoza kukhala losaya pamtunda wautali kenako n'kutsika mwadzidzidzi. Munthu wamkulu mmodzi akhale m'madzi kunsi kwa ana, msana ataulozetsa kunyanja, maso ali pa iwo. Machubu a galimoto ndi zidole zopopa ndi zimene zimatenga ana, kamphepo kochokera kumtunda kamazikankhira pakuya mwakachetechete. Musasambe mbandakucha, madzulo kukada, kapena pamathiriro a mitsinje ngati Linthipe, chifukwa ndi malo a ng'ona ndi mvuu. Amene wamwa mowa asalowe m'madzi, ngakhale akhale katswiri.

Mlondankhalango wayankha:

Za njovu, mayi, ndikuuzeni mosabisa: kupita ku Nkhotakota n'kubwerera ku Senga Bay tsiku limodzi mudzatopetsa ana pachabe. Mukakhota pa Kaphatenga kulowa M5, kudutsa Benga ndi Chia, ndi makilomita oposa 100 kufika paboma la Nkhotakota, ndipo chipata cha mbali ya mtsinje wa Bua chili kumpoto kwa bomalo, kumapeto kwake ndi msewu wafumbi. Mudzafika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene nyama zabisala m'mithunzi. Gawani masiku anu: awiri ku Senga Bay, usiku umodzi kapena uwiri ku Nkhotakota, kuti mulowe m'nkhalango m'mamawa kapena chakumadzulo. Imbirani malo omwe mukagone akuuzeni momwe msewu ulili sabata imeneyo komanso ngati kagalimoto kotsika kangafike.

Njovu ziliko ndithu. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Koma musayembekezere zooneka pambalambanda ngati m'mbali mwa Shire. Kuno ndi mapiri ndi thengo la miombo, njovu ikhoza kukhala pafupi inu osaiona. Apa Okutobala akuthandizaninso: udzu wauma, masamba ayoyoka, timitsinje taphwa, nyama zimatsikira ku Bua kukamwa. Lipirani wokutsogolerani wa m'nkhalangomo, amadziwa pomwe zadutsa usiku. Maulendo oyenda pansi nthawi zambiri salola ana aang'ono, funsiranitu. Mukakumana ndi njovu pamsewu, imani patali, musalize hutala, musatsike, siyani mpata wobwerera m'mbuyo, makamaka ikakhala ndi mwana.

Chenjezo lomwe ambiri saliganizira ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda komanso galimoto yoyenda, ndipo imaluma ngakhale pamwamba pa malaya opyapyala. Valani za khaki kapena zotuwa, zochindikala, ndipo mawindo akhale otseka. Nsalu zabuluu ndi zakuda zomwe mudzazione zitapachikidwa m'mbali mwa njira ndi misampha yothiridwa mankhwala, ana asazigwire. Si kashembe aliyense amene ali ndi kaodzera, koma wina akatupa polumidwa, n'kuyamba kutentha thupi ndi mutu pasanathe masabata atatu, muuzeni dokotala kuti munali m'nkhalango ya Nkhotakota, chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi malungo.

Muli paboma kaoneni mkuyu womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, mu 1863 pa nkhani ya malonda a akapolo, mwana wanu wamkuluyo adzakumana nazo m'kalasi. Ngati Nkhotakota ikukulirani, Kuti Wildlife Reserve ili pafupi ndi tauni ya Salima. Njovu kulibe, koma kuli mbidzi ndi agwape amitundumitundu, ndipo poti kulibe zilombo zolusa mumayenda pansi kapena panjinga.

Nachisale25 wabweranso:

Zikomo kwambiri nonse, tasankha kumayambiriro kwa Okutobala, tigone usiku umodzi ku Nkhotakota. Funso lomaliza: tikufuna kudziphikira ndi kutengako nsomba kumudzi. Tigule kuti, nanga zisaole bwanji panjira?

Wapadoko wayankhanso:

Lawirirani pa doko la Nguwo dzuwa likungotuluka, maboti omwe anakagwira usiku ndi nyali akamakocheza. Yang'ananinso mwezi: ukakhala wathunthu nyali sizikopa usipa bwino, umagwidwa wochepa ndipo mtengo umakwera. Chambo kapena kampango wabwino maso amakhala owala, m'mbali mwa mutu momwe amapumira mumakhala mofiira, ndipo mukadina ndi chala mnofu umabwerera. Chala chikasiya dzenje, musiyeni.

Zopita nazo ku Lilongwe gulani tsiku lonyamuka. Zitumbuliretu pomwepo, tsukani ndi madzi a pampopi, ndipo mu cooler box yalani ayisi pansi, nsomba pakati, ayisi pamwamba, kulemera kwa ayisi kufanane ndi kwa nsomba. Muzikhuthula madzi osungunuka, nsomba ikamira m'madzimo imafewa. Cooler box ikhale mkati mwa galimoto, osati m'buti momwe mumatentha. Ayisi akasowa tengani zowamba kapena usipa wofutsa.

Ndalama tapani pa Salima kapena muike mu Airtel Money ndi Mpamba, komabe padoko pamafunika zapamanja zosinthasintha. Mukachoka pagombe kulowa m'mudzi mangani chitenje, kuno Asilamu ndi ambiri ndipo zovala zosambira sayenda nazo pamsika. Pemphani musanajambule munthu, ndipo pafupi ndi malo a asilikali foni ikhale m'thumba. Mukagona kufupi ndi phiri la Senga, buledi ndi nthochi zitsekereni m'galimoto kapena m'chipinda, anyani amatsika m'mamawa.