Mmene zikuyendera ku ntchito imene ndinafunsa ija

Mwezi wa Novembala ndinafunsa kuti ndikonzekere bwanji, nditapeza mwayi wophunzira ntchito yofalitsa mauthenga ku bungwe lina la Ayuda ku Manchester, pamene ine sindine Myuda. Ambiri munandilangiza kuti ndiyambe ndamvetsa za Sabata, ndipo munanena zoona.

Ndinkadziona ngati wodziwa kale, chifukwa kwathu ndinakulira pakati pa anzanga a mpingo wa Seventh-day Adventist, koma ndinalakwitsabe. Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa n'kutha Loweruka kukada, ndipo kuno mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ine ndinakonza pa kompyuta kuti chilengezo cha chikondwerero cha Ayuda cha Hanukkah chidzatuluke chokha pa Facebook Loweruka m'mawa, poganiza kuti palibe cholakwika popeza palibe amene adzakhudze foni tsikulo. Mayi amene amandiyang'anira anandiitanira pambali, nandifotokozera modekha kuti owerenga amaona tsiku limene uthenga watuluka, osati tsiku limene unakonzedwa. Tsopano Lolemba lililonse ndimayamba ndi kulemba nthawi yoyatsira makandulo a Sabata, omwe amayatsidwa Lachisanu Sabata likatsala pang'ono kuyamba, pamwamba pa ndandanda ya mauthenga.

Za chakudya sizinandivute. A ku bungweli sasakaniza nyama ndi mkaka, choncho kamba wanga sindilowa naye m'khitchini mwawo.

Panopa tikukonzekera 27 Januwale, tsiku lokumbukira anthu amene anaphedwa pa Holocaust (kuphedwa kwa Ayuda miyandamiyanda ndi a chipani cha Nazi cha ku Germany), lomwenso asilikali a Soviet Union anamasula akaidi ku msasa wa a Nazi wa Auschwitz mu 1945. Andipatsa ntchito yolemba mawu a pansi pa zithunzi, ndipo dzina lililonse ndikuliona kawiri ndisanalitumize kwa mayiwo.