Kodi tigule masilaidi okonzeratu oonetsa kugawikana kwa nyukiliyasi?

Mphunzitsi wa Biology, sukulu yoyendera:
Aphunzitsi anzanga, akomiti atipatsa ndalama yochepa yogulira zipangizo za mu labu, ndipo maganizo anga ali pa masilaidi okonzeratu a nsonga za mizu ya anyezi, aja oonetsa mmene nyukiliyasi imagawikirana pa mitosis. Maikulosikopu yogwira ntchito tili nayo imodzi yokha. Kodi ndalamayi ipita pabwino?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Mayi, ine ndikuti musagule. Khazikani anyezi pakamwa pa botolo la madzi, ndipo pakatha masiku 3 kapena 4 timizu toyera tidzakhala titatuluka. Dulani kansonga ka mamilimita 2, poti m'menemo ndimo maselo amagawikana kwambiri, kafewetseni mu asidi wa hydrochloric, donthezani utoto wa aceto-orcein, kenaka mukanikize ndi chala chachikulu pamwamba pa kagalasi kovundikira. Mwana amene wakonza yekha silaidi saiwala zimene waona.

Mphunzitsi wina wa Biology:
Bambo, njira yanuyo ndi yoona, koma ine inandigwiritsa mwala chaka chatha. Maselo ambiri m'muzu amakhala ali mu interphase, nthawi imene selo isanayambe kugawikana, choncho ana anga atafola pa maikulosikopu ankangoona timadontho tofiira, ndipo belu linalira tisanapeze anaphase ngakhale imodzi. Silaidi yogula imakhala yodulidwa mopyapyala bwino, moti mwana amaona makoromozomu, timaulusi ta mu nyukiliyasi tonyamula chibadwa, atakhuthala mu prophase, atandanda pakati pa selo mu metaphase, akukokeredwa mbali ziwiri mu anaphase, mpaka manyukiliyasi awiri ataumbika mu telophase. Akaona zimenezi ndi maso ake, savutikanso kumvetsa chifukwa chake selo ya anyezi yokhala ndi makoromozomu 16 imabala maselo awiri okhala ndi 16 iliyonse. Komanso utotowo supezeka wamba, pamene silaidi yosungidwa mosamala imatha zaka.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Za utoto mwanena zoona. Komabe, Mayi, musanatulutse ndalama, yambani mwaona lenzi yokulitsa ka 40 pa maikulosikopu yanuyo, ija imene pamodzi ndi lenzi yoyang'anirapo imakulitsa ka 400, chifukwa makoromozomu amaoneka bwino akakulitsidwa ka 400, ndipo lenzi ikachita nkhungu ndi chinyontho cha dzinja, ngakhale silaidi yabwino idzaoneka mwachimbuuzi.

Mphunzitsi wa Biology, sukulu yoyendera:
Zikomo kwambiri, za lenzi sindinaziganizire. Ndikaiyesa mawa m'mawa ndi kakhungu ka anyezi, ndipo ikakhala bwino ndigula masilaidi awiri okha, yotsalayo ndifufuzire utoto kuti ana akayesenso kukonza awoawo.