Lumo langa lopinda labenthuka, dzimbiri nalo layamba

Mada wa ku Chibavi:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Lumo lopinda lija anandibweretsera amalume kuchokera ku Joni langotha miyezi iwiri koma layamba timadontho ta dzimbiri pafupi ndi msomali wopindira, ndiye lero ndaona kuti labenthuka chapakati. Pometa ndevu, thovu likachuluka ndimatsukuluza m'beseni n'kugogoda pang'ono kuti tsitsi ligwe, basi. Usiku limagona mu Jik. Lero kasitomala wanga wa Loweruka lililonse wadzuka pampando tsaya lili mizeremizere. Sanayankhule, wangolipira n'kutuluka. Zandiwawa kwabasi. Ndilakwitsa pati?

Madala Gondwe, Luwinga:
Mphwanga, lumolo waliwononga wekha. Kugogoda pa beseniko ndiye kubenthulako. Kuthwa kwa lumo n'kopyapyala kuposa ndevu ukumetazo, likangokhudza chitsulo kapena simenti zatha. Ine ndinayamba kumeta 1994, abwana anga ankandimenya padzanja ndikangoliyandikitsa ku mpopi. Pinda kathawulo uike paphewa pa kasitomala, thovu likadzadza uzipukutira pomwepo, lumo litagona chafulati, msana patsogolo, kuthwa kumbuyo. Madzi asafike pa msomali. Akalowa mmenemo samauma.

Chiko wa ku Zolozolo:
A Mada, liikeni m'bokosi likhale chikumbutso cha amalume. Gulani chogwirira choikamo lezala. Mumathyola Super-Max pakati ikadali m'pepala lake, kasitomala mmodzi theka limodzi, iye akuona, mukamaliza kutaya. Kunola kulibe, dzimbiri kulibe.

Mayi Nyirenda, saluni ya ku Chibanja:
Jik usiku wonse, achimwene? Jik amadya chitsulo, makamaka malumo akalewa, ambiri si stainless. Masizasi anga awiri anatha choncho, anachita timayenje takuda tosachoka. Tsukani ndi sopo, pukutani liume gwa, kenaka sipiriti. Mukatseka shopu dontho limodzi la mafuta a mashini ometera, lisiyeni lotsegula pang'ono kaye musanalipinde. Kuno ku Mzuzu si ku Karonga kotentha. Juni ndi Julaye mawawa ndi chifunga tsiku lonse, chitsulo chogona chonyowa m'mawa mumachipeza chafiira.

Chiko wa ku Zolozolo:
Sipiriti yongopaka mphindi imodzi ija? Tisanamizane. Kachilombo ka Hepatitis B kamatha masiku 7 kali moyo m'magazi ouma. Nanga lamba wachikopa mumanolerapo uja mumamutsuka ndi chiyani? Lezala yatsopano basi.

Yami, pafupi ndi depoti:
Zopukutazo samalani nazo anzanga. Ine chaka chatha magetsi atazima ndinali ndi mzere wa anthu asanu, akabaza okhaokha, onse akufulumira. Ndinagwira thawulo m'manja n'kupukuta lumo ngati mpeni wa kukhitchini, chala chachikulu chili pansi pa nsaluyo. Sindinamve n'kuwawa komwe, ndinangoona thawulo loyera likufiira. Anandisoka katatu, masabata awiri osagwira ntchito, lendi ya shopu ikudikira. Thawulo lizikhala pansi kapena paphewa, osati m'dzanja. China, akabaza ndi anyamata a zomangamanga amabwera ndi mchenga m'ndevu. Osawasambitsa kaye ndi madzi ofunda, lumo limabuntha pa munthu mmodzi.

Mada wa ku Chibavi:
Ndamva. Nanga pobenthukapo? Lamba akhoza kuchotsa? Kapena ndipite nalo kwa onola mipeni kumsika?

Madala Gondwe, Luwinga:
Ayi ayi ayi, usayerekeze! Gudumu lija limatenthetsa chitsulo, chikangosintha mtundu kukhala chabuluu ndiye kuti chafewa, sichidzagwiranso kuthwa. Langa loyamba linafera komweko, linabwerako ngati chikwanje. Lamba sachotsa chitsulo, amangowongola kuthwa. Pobenthuka pamafuna mwala wonolera wa madzi, uyambe ndi wokhakhala wa nambala 1000 mpaka pabenthupo pafafanizike, umalize ndi wosalala ngati 8000. Msana ndi kuthwa zonse zigone pamwala, osatukula, osakanikiza. Pa lamba ndiye msana umatsogola, ndipo potembenuza uzitembenuzira kumsana, ukapanda kutero udula lambayo. Ndi ntchito ya madzulo onse. Ukapeza mpata Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ubwere nalo ndikuonetse, miyala ndili nayo. Pakadali pano usametere munthu aliyense.

Chiko wa ku Zolozolo:
Madala ndimakulemekezani, koma madzulo onse kunola lumo limodzi? Ndipo mukanola bwino chotani, mukacheka chiphuphu cha munthu magazi ndi omwewo. Makasitomala a masiku ano amafuna kuona pepala likung'ambidwa pamaso pawo. Langa lopinda ndimametera ndevu zanga zokha kunyumba.

Mayi Nyirenda, saluni ya ku Chibanja:
Apo a Chiko sakunama. Koma malezala anuwo mukutaya kuti? Mwezi watha ndinapeza ana akuseweretsa matheka kuseri kwa mashopu athu. Ikani m'chitini chotseka chonde.

Chiko wa ku Zolozolo:
Anga ali m'botolo la pulasitiki lolimba, ndinaboola pachivindikiro. A Mada, chogwirira chija ku Taifa market mukhoza kuchipeza.

Yami, pafupi ndi depoti:
Tili pomwepo, alipo akudziwa wokonza mashini a batire? Anga akungotha mphamvu mutu usanathe.